Mayi, bisani makiyiwa

Linali Loweruka la kumapeto kwa mwezi, m'sitolo ina yaikulu ku Lilongwe, nthawi imene mizere ya patilu imakhota mpaka kukafika kumashelefu a sopo. Mayi wina anafika patilu ndi katundu wa mwezi wonse: mpunga, shuga, mafuta ophikira a malita 5, matewera a mwana. Kashiya atatchula mtengo, mayiyo anatsegula chikwama kufunafuna khadi la kubanki. Anatulutsa foni, kampango, kenako mpukutu wa makiyi, n'kuuika pakauntala. Makina anakana khadi koyamba chifukwa cha netiweki. Anayesanso. Makiyi aja anakhala pamenepo mphindi zinayi kapena zisanu, pansi pa magetsi owala, anthu atathithikana kumbuyo kwake.

Bambo wachikulire amene anali wotsatira pamzere, wa zikhato zokhakhala ngati munthu wozolowera matabwa, anatenga buledi wake n'kumuika pamwamba pa makiyiwo.

"Pepani mayi, bisani makiyiwa. Nambala ikuoneka."

"Nambala yanji, bambo?"

"Ya pakiyi wamkuluyo. Ndaiwerenga ndili pompano, chonsecho maso angawa ndi okalamba. Kiyi ameneyu amagulitsidwa wodulidwa kale. Munthu akangotchula nambalayo ku hadiweya amupatsa. Ndiye kapulasitiki kali pambalipo kakunena dera ndi nambala ya nyumba."

Mayiyo anatembenuza kiyi uja n'kuyang'anitsitsa. Zinaonekeratu kuti kiyi amene wakhala akumugwira tsiku lililonse anali asanamuwerengepo. Anathokoza, anaponya makiyi m'chikwama, makina anavomera khadi, mzere unasuntha.

Zimenezi sizichoka m'mutu mwanga chifukwa bamboyo sanakokomeze. Tikamakamba za chitetezo cha pakhomo timathamangira mpanda, agalu ndi alonda. Loko amene tikumudalira usiku uliwonse ambirife sitidziwa n'komwe kuti ndi wamtundu wanji.

## Chimene bamboyo anawerenga

Kiyi wamtali uja, wa khosi lozungulira ndi mano kunsonga, ndi wa loko wa maleva. Ndi loko amene ali m'nyumba zambiri za lendi, wokumbiridwa m'kati mwa chitseko, wokhala ndi zogwirira mbali zonse ziwiri. Kunsonga kwake kumatuluka zitsulo ziwiri. Chapamwamba ndi kalilime kosendeka kamene kamalowa kokha chitseko chikamenyetsedwa. Chapansi ndi mpiringidzo, chitsulo cha makona chimene chimatuluka pokhapokha mukatembenuza kiyi. Kalilime ntchito yake ndi yoti mphepo isatsegule chitseko, basi. Chotseka nyumba ndi mpiringidzo.

M'kati mwa bokosi la lokoyo muli tizitsulo tophwatalala tosanjikizana, kalikonse kali ndi sipuling'i yake. Amenewa ndiwo maleva. Leva aliyense ali ndi kampata, ndipo mpiringidzo uli ndi kamsomali koyenera kudutsa m'timipata tonseto kuti usunthe. Mano a kiyi amakweza leva aliyense kufika pamlingo wake. Akakwera pang'ono kamsomali kamagunda, akakwera mopitirira kamagundanso. Nzeru imeneyi ndi ya Robert Barron wa ku England, ya m'chaka cha 1778, ndipo Jeremiah Chubb anaipititsa patsogolo mu 1818. Ndi nzeru yabwino, yagwira ntchito zaka zoposa 200.

Vuto lili pa chiwerengero cha maleva. Loko wa maleva awiri mitundu ya makiyi ake ndi yochepa kwambiri, makumi owerengeka chabe. Chimachepetsanso n'chakuti kiyi mmodzi yemweyo amayenera kutsegula kuchokera kunja ndi m'kati, ndiye mano ake amadulidwa mofanana mbali zonse ziwiri. Yang'anani kiyi wanu: dzino loyamba ndi lomaliza n'zofanana. Popeza mitundu ndi yochepa choncho, opanga amangodula makiyi onse kufakitale, kudindapo nambala, n'kuwatumiza m'masitolo. Cholinga chinali chabwino, kuti wotaya kiyi wa kuchipinda asathyole chitseko. N'chifukwa chakenso m'nyumba za mdadada kiyi wa khomo lachitatu nthawi zina amatsegula khomo lachisanu ndi chiwiri, anthu n'kuyamba kuganizirana zaufiti.

Loko wotereyu anapangidwira zitseko za m'kati: kuchipinda, kubafa, kusitolo ya ufa. Wa maleva atatu ndi wabwinoko, koma nayenso makiyi ake ambiri ndi a nambala. Pachitseko chakunja pamafunika maleva asanu. Mlingo wa ku Britain wotchedwa BS 3621, umene makampani a inshulansi kumeneko amakonda kuufunsa, umafuna maleva osachepera asanu, mitundu ya makiyi yosachepera 1,000, ndi mpiringidzo wotuluka mamilimita 20. Chiwerengero cha maleva kawirikawiri chimalembedwa pachitsulo cha m'mphepete mwa chitseko, chimene chimaoneka chitseko chikakhala chotsegula. Ngati sichinalembedwe, masulani masikuluu awiri a pamenepo, chotsani zogwirira ndi kachitsulo ka makona anayi kolumikiza zogwirirazo, sololani loko, mupite naye kwa wodula makiyi akuuzeni. Ndi ntchito ya mphindi khumi.

Ena amapala nambala ya pakiyi ndi tupa. Zimathandiza patilu, koma sizionjezera leva ngakhale mmodzi. Amene ali ndi mpukutu wa makiyi onse a mtunduwo adzangoyesa mmodzimmodzi.

## Wa silinda ali ndi pofooka pake

Kiyi wamfupi wophwatalala wa mano mbali imodzi ndi wa loko wa silinda. Silinda ndi kachitsulo kolowetsamo kiyi kamene kamamangidwa m'bokosi la loko. M'silindamo muli timapini tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, kalikonse kodukizidwa pakati, kokankhidwa ndi kasipuling'i. Kiyi wolondola amakweza timapini tonse kuti podukira pake pafanane, apo m'pamene mtima wa silinda umazungulira. Linus Yale Jr. wa ku America ndi amene anaukonza mtundu umenewu m'zaka za m'ma 1860, n'chifukwa chake mpaka lero dzina la Yale limamveka paliponse pamene pali maloko. Makiyi ake ndi a mitundu zikwizikwi, ndiye nkhani yoti kiyi wa aneba atsegule kwanu imachepa kwambiri.

Koma mano a kiyi ameneyu amawerengeka ndi maso. Mu 2008 akatswiri a kompyuta a pa University of California, San Diego anasonyeza kuti atha kudula kiyi wogwira ntchito pongogwiritsa ntchito chithunzi chojambulidwa patali mamita pafupifupi 60. Mafoni a lero amajambula bwino kuposa mafoni a nthawi imeneyo. Ndiye chithunzi chija cha "Mulungu wachita, talowa m'nyumba yathu" makiyi ali m'manja pa Facebook, jambulani makiyiwo atafumbatidwa.

Kufooka kwina kuli pakati pa silinda penipeni, pamene pali bowo la sikuluu woigwira. Chitsulo pamenepo n'chopyapyala. Silinda ikatulukira kunja kwambiri, munthu amapeza pogwira n'kuithyola. Lamulo la amisiri ndi lakuti isapitirire mamilimita 3 kuchokera pachitsulo cha chogwirira. Silinda zambiri zimene zimatulukira ngati chala zinagulidwa osayeza. Kuyeza kwake n'kosavuta. Tsegulani chitseko, pezani sikuluu wamtali amene ali m'mphepete, mogwirizana ndi m'munsi mwa silinda. Yezani kuchokera pakati pa sikuluuyo kukafika kunja kwa chitsulo cha chogwirira chakunja, kenako chimodzimodzi mbali ya m'kati. Mukapeza 30 ndi 30, gulani ya 30/30. Mukapeza 35 kunja ndi 30 m'kati, ziliponso za mbali zosiyana. Posintha, masulani sikuluu uja, lowetsani kiyi, mtembenuzeni pang'ono kuti kadzino ka pakati kabisale, kokani pang'onopang'ono. Ikatuluka lowetsani yatsopano, bwezerani sikuluu, yesani kiyi mbali zonse chitseko chili chotsegula musanatseke.

Ubwino waukulu wa loko wa silinda ndi womwewu. Kiyi akatayika simusintha loko yense, mumangosintha mtima wake. Chinthu chimodzi choti mudziwe: silinda zambiri za kiyi mbali zonse ziwiri, kiyi akasiyidwa m'kati, wakunja salowa mokwanira. Agogo akakiya n'kusiya kiyi pomwepo kenako n'kudwala usiku, inu muli panja ndi kiyi wanu m'manja simungatsegule. Panyumba ya munthu wokalamba kapena wodwala, funani silinda yoti m'kati ili ndi kachitsulo kopotokola ndi chala, bola pasakhale windo kapena galasi pafupi loti dzanja n'kufikira.

## Nthawi zambiri chimagonja ndi felemu

Pitani mukaone khomo limene lathyoledwa. Kawirikawiri loko mumupeza ali bwinobwino, mpiringidzo uli chitulukire. Chang'ambika ndi thabwa la felemu, kapena chitseko chang'aluka pamene panakumbidwa.

Pafelemu pamakhala kachitsulo kolandira mpiringidzo. Timasikuluu timene timabwera m'paketi ya loko n'tatifupi, timangoluma thabwa pamwamba. Munthu akaponda chitseko kamodzi mwamphamvu, timazuka pamodzi ndi chibenthu cha thabwa. Chotsani timeneto muike masikuluu aatali, a mamilimita 75, oti adutse felemu n'kukagwira khoma, mutaboola kaye n'kuikamo mapulagi. Ngati kachitsuloko n'kopyapyala kotheka kupinda ndi zala, gulani kokhuthala kokhala ndi kabokosi kolowamo mpiringidzo.

Felemu yachitsulo ili ndi matenda ake. Omanga akamathira matope a simenti kuseri kwa felemu, matopewo amadzaza kabowo kolowa mpiringidzo. Mpiringidzo umalowa theka, kiyi amaima panjira, mwini nyumba n'kumaganiza kuti ndi mmene lokoyo alili. Mpiringidzo wosatuluka wonse sunakhazikike, utha kukankhidwa kubwerera. Yesani motere: tembenuzani kiyi chitseko chili chotsegula muone mmene akuzungulira, kenako chitani chimodzimodzi chili chotseka. Akasiyana, gobani simenti m'bowomo ndi tchizulo chaching'ono mpaka mpiringidzo ulowe wonse. Maloko ena a silinda amafuna kutembenuza kawiri. Mukatembenuza kamodzi kokha mwangogwira theka la ntchito.

Ndiye pali mmene felemu yagwirira khoma. Mbali iliyonse imafunika zitsulo zitatu zomangiridwa m'njerwa. Nyumba yomangidwa ndi matope a dothi m'malo mwa simenti, felemu imayamba kugwedera pakangopita zaka zochepa, ndipo chiswe chikalowa m'munsi mwa felemu yathabwa imangotsala khungwa. Bayani ndi sikuludiraiva chapansi penipeni. Ikalowa mosavuta, ndalama imene mumafuna kugulira loko wapamwamba yambani mwagulira felemu.

Chitseko chenichenicho nacho chiyang'aneni. Zitseko zosalala zopepuka zija m'kati mwake muli mphako, zina muli makatoni, ndipo kathabwa kolandira loko kali mbali imodzi yokha. Ndi za kuchipinda. Chakunja chikhale cha thabwa lokhalokha, chokhuthala mamilimita 40 kapena kuposa, monga cha mlombwa kapena mbawa youma bwino. Kalipentala akamakumba malo a loko, bowo likhale lothina moti loko alowe mochita kukankha. Bowo lotakasuka limasiya timatabwa topyapyala mbali zonse. Asakumbenso pamene thabwa lopingasa lapakati lalumikizana ndi la m'mphepete, chifukwa akatero wadula mfundo imene imagwira chitseko chonse. Akweze kapena atsitse pang'ono. Mahinjesi akhale atatu, a mamilimita 100, sikuluu m'bowo lililonse. Misomali yokhomerera n'kupinda mitu, imene timaiona kawirikawiri, imasololoka pang'onopang'ono chitseko n'kuyamba kugwa mphuno.

## Dzinja likafika

Mvula ikayamba, madandaulo a makiyi othyoka amachuluka. Thabwa limamwa chinyezi n'kutupa, makamaka ngati m'mphepete mwa pamwamba ndi pansi simunapakidwe penti kapena vanishi, ndipo malo amenewa opaka penti amakonda kuwadumpha chifukwa saoneka. Chitseko chikatupa kapena kutsika, mpiringidzo sulunjikanso pabowo lake. Munthu amayamba kukweza chitseko ndi bondo uku akupotokola kiyi mwamphamvu. Kiyi wa silinda ndi wa chitsulo chofewa, amapindika pang'ono tsiku lililonse, kenako tsiku lina usiku amadukira m'kati.

Kiyi akayamba kulimba, pezani pamene pakugunda. Pakani choko kunsonga kwa mpiringidzo, tsekani chitseko, tembenuzani kiyi mpaka agunde, tsegulani muone pamene choko chadinda. Ngati chaphonya ndi milimita imodzi kapena awiri, palani kachitsulo ka pafelemu ndi tupa. Ngati chaphonya kwambiri, vuto lili kumahinjesi. Mangani masikuluu a hinjesi yapamwamba, poti ndi imene imanyamula katundu wambiri. Sikuluu akamangozungulira osagwira, mchotseni, thirani guluu wa matabwa m'bowomo, khomeranimo timitengo ta machesi todula mitu, dikirani ziume, bwezerani sikuluu wotalikirapo. Musafulumire kupala chitseko m'dzinja. Mukachipala kwambiri mu Januwale, mu Okutobala chidzauma n'kusiya mpata woti mpiringidzo uzingogwira nsonga. Mpata wabwino pakati pa chitseko ndi felemu ndi wa mamilimita 3.

Pa zothira m'loko ndimalankhula mosabisa: mafuta ophikira ayi, oyilo wakale wa galimoto ayi, mafuta odzola ayi. Sabata yoyamba loko amafewa, kenako fumbi la chilimwe limakakamira pamafutawo n'kupanga phala limene limamata timapini. Palani kiyi ndi mtima wa pensulo, mlowetseni ndi kumtulutsa kangapo. Pensulo imatereretsa popanda kunyowetsa. Kadontho ka oyilo wa makina osokera n'kololedwa pakalilime ndi pamahinjesi pokha.

Kiyi akadukira m'kati, musalowetse theka linalo kuti mukankhe, mungochikankhira m'kati chidutswacho. Bwezerani mtima wa silinda pamalo pamene kiyi amatulukira, chifukwa ukakhala wopotoka timapini timachigwira. Kenako lowetsani kachidutswa kopyapyala ka sowo ya zitsulo m'mbali mwake, mano akuyang'ana kwa inu, kolani, kokani. Ndipo mukamadulitsa kiyi wina, tengani kiyi woyamba amene anabwera ndi loko. Kope la kope limasiyana pang'ono ndi loyamba, kope lachitatu limasiyananso, mapeto ake ndi kiyi wochita kugwedeza kuti atsegule. Woyambayo musungeni m'nyumba, muziyenda ndi makope.

## Loko wokoleka

Loko wokoleka kunja kwa chitseko amauza aliyense wodutsa kuti muno mulibe munthu. Ngati palibe kuchitira mwina, yang'anani chitsulo chimene mwamukolekapo kuposa lokoyo. Ngati mitu ya masikuluu ikuoneka pamene mwakiya, sikuludiraiva yokha ikwanira. Gwiritsani ntchito mabawuti a mutu wosalala odutsa chitseko chonse, manati ali m'kati. Khosi la loko likhale lalifupi ndi lokhuthala, losasiya mpata wolowetsapo chitsulo.

Chitseko chachitsulo cha kutsogolo kwa chathabwa n'chothandiza, koma chili ndi ngozi imene sitiikamba mokwanira. Nyumba ya zitsulo m'mawindo monse, maloko awiri pakhomo, magetsi azima, kandulo wagwira katani. Kiyi ali kuti? Ayenera kukhala pamsomali umodzi wodziwika kwa aliyense m'nyumbamo, mpaka mwana wa zaka 8, woti munthu aupeze mumdima pongopapasa, pafupi ndi khomo koma posafikika ndi dzanja kapena waya wochokera pawindo. Chakudza sichiimba ng'oma.

## Tibwerere pamzere paja

Bambo uja anawerenga nambala chifukwa anali pafupi kwambiri, ndipo anali pafupi chifukwa kumbuyo kwake ankamukankha. Ndi mmene timaimira pamzere. Timaopa kuti tikasiya mpata wina alowapo, ndiye timamatirana mpaka mpweya wa munthu kumveka m'khosi. Mu 2020, nthawi ya Covid-19, masitolo anajambula mizere pansi yotalikirana mita imodzi kapena kuposa. Matenda atachepa tinabwerera ku zakale, koma mpata uja unali ndi phindu lina limene sitinaliwerengere.

Patilu ndi malo amene munthu amatsegula chikwama, kuwerenga ndalama, kulemba nambala yachinsinsi ya khadi, ya Airtel Money kapena ya Mpamba, nthawi zinanso kubweza katundu chifukwa ndalama zaperewera. Zonsezi n'zake. Wotsatira aime kumapeto kwa kauntala mpaka wolipirayo atalandira lisiti. Ngati muli ndi kangolo kogulira, kaikeni patsogolo panu, kakhala malire okwanira, bola kasagunde zidendene za mnzanu. Wina akamalemba nambala, yang'anani kumbali moonekera kuti iye aone kuti simukuyang'ana. Akamachotsa sopo ndi nyama kuti ndalama zikwane, musamuonerere, musatsonye.

Inu amene mukulipira muli ndi mbali yanunso. Khadi, ndalama kapena foni zikhale m'manja musanafike patilu. Mphindi zimene mwaima pamzere ndi zokonzekera zimenezi. Mukatero chikwama sichikhuthulidwa pakauntala, makiyi satuluka. Ngati mukulipira pafoni, onani ndalama zotsala muli pamzere. Ndiwo zamasamba ndi zipatso zofunika kuyeza kasikeloni kaye kumene amayezera, chifukwa mukafika nazo patilu zopanda mtengo mzere wonse uima kudikira wina athamange nazo. Poika katundu pakauntala yambani ndi zolemera, mabotolo ndi zitini, buledi ndi mazira pomaliza, sopo ndi mankhwala ophera tizilombo pazokha, kuti wolongedza asavutike. Mpatseni moni kashiya. "Mwaswera bwanji asisi" satenga nthawi, ndipo munthuyo waima kapena kukhala pamenepo kuyambira m'mawa. Mtengo ukasiyana ndi wa pashelefu si iye anaulemba. Pemphani woyang'anira mwaulemu.

Masitolo ambiri amafuna kuti chikwama chachikulu muchisiye pakhomo n'kulandira kanambala. Musanapereke, tulutsani makiyi, foni ndi ndalama. Chikwama chosiyidwa theka la ola chili ndi makiyi, pamodzi ndi bilu ya madzi yolembedwa dzina ndi nambala ya poloti, chanena zonse. Ambiri ogwira ntchito pamenepo ndi okhulupirika, koma kanambala kaja kakagwa m'thumba, amene wakatola ndiye mwini chikwama.

## Malo pamzere

Kusiya basiketi pansi n'kupita kukatenga chinthu chimene mwaiwala n'kololedwa ngati mwauza wa kumbuyo kwanu: "Achimwene, ndaiwala mchere, ndikubwera pompano." Chinthu chimodzi, mphindi imodzi. Nthawi yanu ikakwana musanabwere, wotsatira apite, inu mulowe pambuyo pake. Kuika basiketi yopanda kanthu pamzere n'kumakagula pang'onopang'ono ndi kuba malo, ngakhale kukhale kofala. Chimodzimodzi kupeza mnzanu ali kutsogolo n'kumupatsira katundu wanu wodzaza manja. Botolo limodzi la madzi palibe angadandaule. Katundu wa sabata yonse wolipiridwa payekha ndi munthu wina wathunthu amene walowerera.

Agogo, mayi woyembekezera, wobereka khanda limene likulira, munthu wa ndodo, amenewa timawapatsa malo osadikira kuti apemphe. Koma mukamapereka malo kumbukirani kuti kumbuyo kwanu kuli anthu amene nawonso mwawabweza. Tembenukani muwauze: "Tiwalole agogowa adutse." Sindikuganiza kuti alipo angakane, koma kufunsidwa kumachotsa kung'ung'udza. Wa kangolo kodzaza akaona wa buledi mmodzi kumbuyo kwake amlole adutse. Mmodzi kapena awiri, osati onse obwera, apo ayi sachokapo.

Ngati ndinu amene mukufulumira, pemphani ndipo nenani chifukwa. Katswiri wa maganizo a anthu Ellen Langer ndi anzake anayesa zimenezi ku America m'kafukufuku wofalitsidwa mu 1978, pamzere wa makina okopera mapepala. Wopempha kudutsa ndi mapepala asanu popanda chifukwa analoledwa ndi anthu 60 pa 100 alionse. Wonena kuti akufulumira analoledwa ndi 94. Anthu amalola akapemphedwa. Chimene chimawawa ndi munthu wongolowa chammbali maso ali pafoni ngati sakuona aliyense. Wotereyu muuzeni modekha, "Pepani bambo, mzere wayambira uko," chifukwa ena amakhala kuti sanaonedi. Tilu yatsopano ikatsegulidwa, oyenera kupitako ndi amene anali pafupi kufika, osati wakumapeto amene ali ndi liwiro.

## Tsiku lolowa m'nyumba ya lendi

Kapulasitiki kaja ka pamakiyi a mayi uja mwina sanalembe yekha. Eni nyumba ndi ma ejenti amalemba dera ndi nambala ya nyumba kuti asasokoneze makiyi, ndipo wolowa m'nyumba amangolandira mpukutu wonse n'kuyamba kuyenda nawo. Kachotseni tsiku lomwelo. Ngati mukufuna chizindikiro choti makiyi akatayika abwerere, lembani nambala ya foni yokha.

Kenako werengani makiyi amene mwapatsidwa. Loko watsopano amabwera ndi makiyi awiri kapena atatu. Mukapatsidwa mmodzi, enawo ali kwina: kwa amene anatuluka, kwa wantchito wake wakale, kwa mmisiri amene anapaka penti. Nyumba yongomangidwa kumene ndi chimodzimodzi, makiyi ake adutsa m'manja mwa omanga, oika magetsi ndi mlonda wa pamalopo. Uzani eni nyumba kuti mukusintha loko wa khomo lakunja, sungani wakaleyo kuti mudzabwezeretse potuluka, ndipo mugwirizane ngati iwo asunge kiyi mmodzi kapena ayi.

Ngati ndi wa silinda, ndi sikuluu mmodzi uja. Ngati ndi wa maleva, musapite ku hadiweya chimanjamanja. Sololani loko wakale mupite naye, chifukwa watsopano ayenera kufanana naye pa zinthu zitatu: kuya kwa bokosi, komwe kawirikawiri ndi mamilimita 64 kapena 76, mtunda wochokera m'mphepete kukafika pabowo la kiyi, ndi mtunda wa pakati pa bowo la kiyi ndi la chogwirira. Chimodzi chikasiyana, kalipentala ayamba kukulitsa mabowo, chitseko n'kufooka pamalo pomwe chimafunika mphamvu. Onaninso kumene kalilime kasendekera. Ngati kayang'ana kolakwika, pamaloko ambiri kamatheka kutembenuzidwa, ndipo wogulitsa wodziwa ntchito akuchitirani pakauntala pomwepo. Musanalipire, tulutsani makiyi onse m'paketi, yesani aliyense mbali zonse ziwiri za loko, ndipo muwerenge chimene chadindidwa pakiyipo.